Natasha Rostova ndi Mtima Wosadikira Mawa



Ambirife tinakula ndi malangizo amodzimodzi: yamba waganiza, usapupulume, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinawamva kunyumba, tinawamva kusukulu, ndipo atsikana anawamvanso kwa anamkungwi. Ndi malangizo abwino, sindinabwere kudzawagwetsa. Koma makolo omwewo anatisiyiranso mwambi woti ndionetsetse anathetsa nkhosa, kusonyeza kuti ankamudziwa bwino munthu amene amalingalira mpaka fisi atamaliza khola. Ndipo tikati tinene chilungamo, amene timamusowa akachoka pakhomo nthawi zambiri si wodekha uja. Timasowa woseka chikhakhali alendo ali pomwepo, woyambitsa nyimbo asanapemphedwe, wolankhula zimene enafe tameza. Timamudzudzula, komabe maso athu sachoka pa iye. Lero ndikufuna tifufuze chimene chimatikoka mwa munthu wotere, ndipo ndasankha mtsikana wa m'buku amene wakhala akukoka owerenga kwa zaka zoposa 150. Dzina lake ndi Natasha Rostova.

Bukulo ndi War and Peace, la nkhondo ndi mtendere, lolembedwa ndi Leo Tolstoy wa ku Russia. Analiyamba mu 1863, patangopita chaka atakwatira Sofya Behrs, ndipo linatha kusindikizidwa mu 1869. Ndi chibuku: masamba oposa 1,200, anthu otchulidwamo oposa 500, ndipo nkhani yake imayamba mu 1805 n'kudutsa m'chaka cha 1812, pamene Napoleon analowa m'dziko la Russia. Sofya ndiye ankakopera pamanja zolemba za mwamuna wake, usiku, mobwerezabwereza, poti bamboyo ankalemba zovuta kuwerenga ndipo sankatopa kusintha. Mng'ono wake wa Sofya, Tatyana, mtsikana woimba bwino komanso wosakhala pansi, ankakhalitsa pakhomo pawo ku Yasnaya Polyana, ndipo zambiri za Natasha mlembiyo anazitola mwa mlamu wakeyo.

Timakumana naye koyamba ali ndi zaka 13, ku Moscow, pa tsiku lokondwerera dzina lake ndi la mayi ake, poti onse awiri anali a Natalya. Alendo akhala m'chipinda chochezera, nkhani zatha, aliyense akungodikira kuti wina ayambe kutsanzika. Kenaka kukumveka mgugu wa mapazi, mpando ukugwa, ndipo kamtsikana kakulowa chothamanga, katabisa chidole m'diresi. Kaima pakati pa chipinda, kazindikira kuti kapitirira malire, koma m'malo mochita manyazi kakugwera pa mayi ake n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka mlendo wouma nkhope naye akumwetulira asakufuna. Tolstoy sakubisa kuti mwanayo sanali wokongola: pakamwa papakulu, timikono toonda, maso akuda. Kungoti anali wamoyo thupi lonse.

Madzulo a tsiku lomwelo pali phwando la anthu 80. Akuluakulu akukambirana za nkhondo. Kumapeto kwa tebulo, kumene kwakhala ana, Petya, mlongo wake wamng'ono, wamuderera kuti sangayerekeze kufunsa. Natasha akuimirira n'kufuulira mayi ake, mawu kudutsa tebulo lonse, kuti kodi zotsekemera zotsukira m'kamwa zikhala chiyani. Pa tebulopo pali Marya Dmitrievna, mayi woopedwa mu Moscow monse chifukwa cholankhula mosapsatira, amene amamutcha mwanayu kuti Cossack. Akumuloza chala, akumuopseza kuti salawa kanthu. Mwanayo sakubwerera m'mbuyo mpaka atauzidwa kuti kuli ayisikilimu wa chinanazi, ndipo tebulo lonse likufa ndi kuseka.

Tiime kaye pamenepa. Mlembi akutiuza kuti poimirira paja, mwanayo anali atadziwa kale kuti chipongwe chakecho chilandiridwa bwino. Anali ataona kuti ukali wa Marya Dmitrievna ndi wapakamwa chabe. Ndiye kuti phuma la Natasha silichokera pa kusaona. Amaona msanga kuposa ena, ndipo pakati pa kuona ndi kuchita sipakhala mpata. Enafe mpatawo ndi waukulu. Timaona, kenaka timayamba kudzifunsa kuti anthu ati chiyani, zindidyera ndalama zingati, bwanji ndidikire kuche. Pomaliza kufunsako, chimene tinaona chija chapita kale. Pierre Bezukhov, bwenzi la banja lawo, atafunsidwa ngati Natasha ali wanzeru, yankho lake linali loti mtsikanayo sadzivutitsa n'komwe ndi zofuna kukhala wanzeru.

Zimene mtima wotere umachita mwa anthu ena zikuoneka bwino pa mlongo wake wamkulu, Nikolai. Kumapeto kwa 1806 Nikolai akutchova njuga ya makadi ndi Dolokhov, mnyamata amene wangokanidwa ukwati ndi Sonya, wachibale wokulira pakhomo pawo, chifukwa cha Nikolai yemweyo, ndipo usiku umodzi wokha akudyedwa ma ruble 43,000. Bambo ake anali atangomupatsa 2,000 kuti ayendere zomwezo kwa miyezi ingapo. Akufika kunyumba akuganiza zodziwombera. Akupeza achinyamata azungulira limba, Natasha akuimba. Mawu ake sanasulidwe mokwanira, amapuma posayenera, ndipo akatswiri amanenadi zimenezo, koma amazinena iye atamaliza. Akamaimba amangoti zii, kufuna kuti apitirize. Nikolai, ngongole ili pakhosi, akungozindikira kuti wayamba kumuthandizira ndi mawu achiwiri. Kwa kanthawi ndalama zija zasanduka kanthu kachabechabe. Nyimbo itatha ngongole ilipobe, ndipo ayenera kukaulula kwa bambo ake. Tolstoy sakutinamiza kuti nyimbo imabweza ngongole. Koma mnyamatayo sanadziwombere.

Chimodzimodzi Kalonga Andrei Bolkonsky. Mu 1809 ali ndi zaka 31, anavulala ku Austerlitz, mkazi wake anamwalira pobereka, ndipo watsimikiza kuti zake zinatha. Pa ulendo wa ntchito akugona kwa a Rostov kumudzi kwawo ku Otradnoe, ndipo usiku atatsegula zenera akumva mawu ochokera pa zenera lam'mwamba. Ndi Natasha, akudzutsa Sonya kuti aone mwezi, akuti akufuna kunyonyomala, kugwira maondo mwamphamvu n'kuuluka. Sonya akungoti tiye tigone, kwada. Mtsikanayo sakudziwa kuti pansi pali munthu akumva, ndipo chikumupweteka Andrei n'chomwecho, kuti pali wina akusangalala chonchi osalabada kuti iye aliko. Pobwerera kwawo akupeza kuti chimtengo chakale chimene popita anachiona chili gwa chaphuka masamba. Pa tsiku lomaliza la chaka chomwecho akuvina naye ku St Petersburg, ndipo posakhalitsa akumufunsira.

N'chifukwa chiyani Tolstoy anamukonda chonchi mtsikana wopeka yekha? Ine ndimaona kuti ankamusirira. Kuyambira mu 1847, ali ndi zaka 18, munthu ameneyu ankadzilembera malamulo m'kabuku: nthawi yodzuka, zoti aphunzire tsikulo, zoti apewe. Ankagawa tsamba pawiri, uku zimene wakonza kuchita, uku zimene wachitadi, ndipo mbali yachiwiriyo kawirikawiri inkamuchititsa manyazi. Malamulowo sanamuletse njuga. Mu 1854 nyumba yaikulu imene anabadwiramo inagulitsidwa chifukwa cha ngongole, wogulayo n'kuiphwasula kukaimanga kwina. Anali munthu wosatha kuchita kanthu popanda kudziyang'anitsitsa akuchita. Anthu otere, ndipo muno tilimo ambiri poti owerenga mabuku ndife mtundu umenewo, akaona mnzawo amene mtima ndi dzanja zimayendera limodzi amameza mate.

Ngakhale nkhondo anailemba ndi diso lomwelo. Usiku woti kukacha kumenyedwa nkhondo ya Austerlitz, mkulu wa asilikali Weyrother akuwerenga ndondomeko yake yaitali, gulu ili lidzere uku, ili lidzere uko, pamene Kutuzov, nkhalamba yotsogolera asilikali a Russia, ili m'tulo pampando. Kutacha kunagwa nkhungu, magulu anasokonekera, ndondomeko inathera papepala. Kwa Tolstoy, wokonza mapulani kwambiri amasiya kuona zimene zili pamaso pake. Asilikali ndi akatswiri a mbiri anayamba kumutsutsa pa zimenezi bukulo litangotuluka, ndipo mkangano umenewo ndiwasiyire eni ake.

Chithunzi chotchuka kwambiri cha Natasha ndi cha gule. Mu 1810, atatha tsiku lonse akusaka mimbulu, iye ndi alongo ake akufikira kwa wachibale wina wosalemera amene amangomutchula kuti amalume. Nyumba ndi yamatabwa, pakhomo pakununkhira maapozi. Anisya, mayi wosamala panyumbapo, akubweretsa bowa, uchi, mtedza ndi nkhuku yongowotcha kumene. Kuseri wantchito wina akuimba balalaika, kenaka amalume akutenga gitala n'kuyamba nyimbo yakumudzi. Natasha akutaya nsalu imene anafunda, manja m'chiuno, akugwedeza mapewa. Kwa kamphindi Nikolai ndi ena onse agwira mtima, kuopa kuti achita zochititsa manyazi. Mwana wa bwana, woleredwa ndi mayi wa ku France, wophunzitsidwa magule a m'nyumba zachifumu, gule wa anthu wamba angamudziwire kuti? Koma akuvina ndendende, mpaka Anisya, amene wamuponyera kampango kovinira, misozi ikulengeza uku akuseka. Amene munaonapo mwana wokulira m'tauni, wa sukulu zogonera komweko, atafika kumudzi paukwati n'kumanga chitenje m'chiuno, kulowa m'bwalo la chimtali azakhali ake akululutira, simukufunika kufotokozeredwa.

Tolstoy akuzifotokoza ngati chozizwitsa, mzimu wa Russia umene palibe anamuphunzitsa, ndipo wolemba mbiri Orlando Figes anatcha buku lake la mu 2002, lonena za chikhalidwe cha Russia, kuti Natasha's Dance chifukwa cha chithunzi chomwechi. Ine chozizwitsa sindikuchionapo. Mwanayu anakulira m'nyumba yodzaza antchito. Ankalowa m'zipinda zawo, ankawatuma, ankawasereula, ankamva nyimbo zawo. Thupi linasunga zimene maso anaona kwa zaka, ndipo zimene zinatuluka mwadzidzidzi usiku umenewo zinali zitalowa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ndimaseka ndikaona pa Facebook anthu akulonjezana kuti kuyambira Januwale ayamba kuchita zinthu mosakonzekera. Tsiku analikonza kale.

Tsopano tifike powawa. Bambo ake a Andrei, nkhalamba yovuta, anakana ukwatiwo mochenjera, anangoti adikire chaka. Andrei anavomera n'kupita kunja kukapeza mphamvu, atanena kuti chitomerocho chikhale chachinsinsi ndipo Natasha ali ndi ufulu wosintha maganizo. Iye ankaona ngati akumupatsa ulemu. Kwa mtsikana amene moyo wake wonse uli pa lero, kumeneko kunali kumusiya. Makalata sankawatha, ankalemba ouma, mayi ake n'kumakonzamo masipelo. Ankangoyendayenda m'nyumba akudandaula kuti akutha pachabe. Bala la Andrei linatsegukanso, kubwera kwake n'kuchedwa. M'nyengo yozizira, miyezi yochepa nkhondo ya 1812 isanayambe, bambo ake a Natasha anapita naye ku Moscow kukagula za ukwati ndi kukaonekera kwa apongozi. Nkhalamba ija inatulukira itavala zogonera, n'kunamizira kuti sinadziwe kuti kwabwera alendo. Marya, mlongo wake wa Andrei, anamulandira mozizira. Natasha anabwerako akulira, ndipo madzulo omwewo anamutengera ku opera.

Poyamba akuona zinthu mmene zililidi: matabwa opakidwa utoto, mayi wonenepa atavala zoyera, bambo akutambasula manja, onse akunamizira. Akudabwa kuti anthu akuluakulu akuombera m'manja zoterezi. Koma kuwala, kutentha, mapewa apamtunda a akazi, maso a amuna ali pa iye, zonsezi pang'ono ndi pang'ono zikumuledzeretsa, moti pofika kumapeto sakuonanso chachilendo. M'menemo ndi mmene akulowera Anatole Kuragin, mlongo wake wa Hélène, mkazi wa Pierre. Zinangotenga masiku atatu. Kalata yachikondi imene Natasha akuiwerenga manja akunjenjemera analemba ndi Dolokhov. Anatole anakwatira kale mobisa ku Poland. Wansembe wodzadalitsa ukwatiwo ndi wochotsedwa paudindo. Balaga, woyendetsa akavalo atatu, wauzidwa kale poima. Natasha walembera kale Marya kuti za iye ndi Andrei zatha. Amene anapulumutsa zinthu ndi Sonya. Anawerenga kalata ija mwini wake ali m'tulo, ndipo usiku wothawawo anaima pakhomo akulira mpaka Marya Dmitrievna atamupeza n'kumukakamiza kuulula. Atamva kwa Pierre kuti Anatole ali ndi mkazi, Natasha anamwa poizoni, kenaka anachita mantha n'kudzutsa Sonya.

Aphunzitsi ambiri akafika apa amamugawa pawiri mtsikanayu, wabwino wa pazenera ndi wopusa wa ku opera. Ndi munthu mmodzi. Liwiro limene linamuimiritsa patebulo ali mwana ndi lomwe linamulembetsa kalata yothetsa chitomero. Kungoti m'mbuyo monsemo ankawerenga nkhope za anthu omukonda, ndipo sankaphonya. Nkhope ya Anatole inamusokoneza chifukwa panalibe bodza loti aligwire. Mnyamatayo sankanama monga amanamira munthu wodziwa kuti akunama. Ankamufunadi, sabata imeneyo, ndi mtima wake wonse.

Nkhani yanga yagona pamenepa. Anatole nayenso ndi munthu wa lero lokha. Sakonza, sawerengera, ndipo Dolokhov atamufunsa kuti ndalama zikadzatha adzatani, funsolo silikumulowa n'komwe. Chikanakhala kuti chimatikoka mwa Natasha ndi kusaganizira za mawa, bwenzi tikumukondanso Anatole, koma palibe wowerenga amene amamusowa. Anatole akayang'ana munthu amaona chimene iyeyo akufuna. Natasha amaona munthuyo. Zitavuta, Anatole analandira ndalama kwa Pierre n'kunyamuka m'mawa mwake kupita ku St Petersburg. Natasha anadwala miyezi, anasiya kuimba, akati aseke misozi inkamutsamwitsa, ndipo chimene anapempha Pierre n'chakuti akauze Andrei kuti amukhululukire. Sanapemphe zobwererana, ankadziwa kuti zatha. Chinkamudya ndi choipa chimene anachitira munthu wina.

Napoleon anawoloka mtsinje wa Niemen mu Juni 1812 ndi asilikali oposa 400,000. Pa 7 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ya Borodino, makilomita pafupifupi 120 kumadzulo kwa Moscow, ndipo tsiku limodzi lokhalo ophedwa ndi ovulala a mbali zonse anali pafupifupi 70,000. Patatha sabata mzinda wa Moscow unasiyidwa m'manja mwa adani. A Rostov, mwachizolowezi chawo, anachedwa kulongedza. Ngolo 30 zinabwera kuchokera kumidzi yawo pa nthawi imene ngolo mumzindamo inali chuma chosagulika. Natasha, amene masiku onsewo ankangozungulirazungulira, mwadzidzidzi anaigwira ntchito. Antchito poyamba ankamuseka, kenaka anayamba kumumvera. Anamasula mabokosi amene iwo anali atalongedza, anachotsamo makapeti akale ndi mbale zosafunika, n'kulongedzanso, ndipo bokosi lina litakana kutsekeka anakhazika Petya pachivundikiro mpaka linatseka. Pofika m'mawa wa tsiku lonyamuka ngolo zinali tho.

Pabwalo panali asilikali ovulala ochokera ku Borodino, amene Natasha yemweyo anawaloleza kugona m'nyumbamo. Anayamba kupempha kuti asawasiye. Bambo Rostov, munthu wofewa mtima, analola kuti atsitse katundu m'ngolo ziwiri zitatu. Mayi Rostov anakana, ndipo tisafulumire kuwaweruza. Banjalo linali kale m'ngongole, katunduyo ndiye anali cholowa cha ana, ndipo kunyamula ovulala ndi ntchito ya boma. Mfundo zawo zonse zinali zomveka. Mkangano uli mkati akufika mkamwini wawo Berg, kudzapempha wantchito woti akamunyamulire kabati yokongola imene waiona ikugulitsidwa, yoti akasangalatse nayo mkazi wake Vera. Natasha atamva kwa Petya chimene makolo akukanganira, analowa m'chipindamo nkhope itasintha ndi ukali, n'kukalipira mayi ake kuti zimenezi n'zonyansa, anthu sangasiyidwe chifukwa cha mabokosi. Mwana wamkazi kukalipira mayi ake, mlamu ali pomwepo! Kwathu kuno tikanati alibe mwambo, ndipo ku Moscow akanateronso. Mayiwo anayang'ana nkhope ya mwana wawo, anaona kuti mwanayo akuchita manyazi chifukwa cha iwo, n'kugonja. Mabokosi amene Natasha yemwe analimbana nawo mpaka usiku anatsitsidwa n'kusiyidwa. Chimene chimandigwira mtima ndi antchito aja. Posachedwa pomwepa ankaona kuti kusiya ovulala palibe cholakwika, koma tsopano akuthamanga mokondwa ngati kuti sizikanatheka mwanjira ina. Aliyense pabwalopo ankachidziwa choyenera kuchita. Panangosowa mmodzi wopanda mpata uja.

Mumdipiti wa ngolo zija munali ngolo yotsekedwa yonyamula Andrei, atavulala kwambiri ku Borodino. Anabisira Natasha nkhaniyo, koma atamva ali ku Mytishchi anadikira kuti onse agone, n'kutuluka osavala nsapato kukagwada pambali pake. Anamudwazika mpaka anamwalira ku Yaroslavl. Pamenepa sindikhalitsapo, mukawerenge nokha.

Koma tisachoke pabwalo paja tisanafunse kuti analipira ndani. Moscow inapsa, katundu anapita. Bambo Rostov anamwalira chaka chotsatira n'kusiya ngongole zoposa chuma chawo kawiri, ndipo anazisenza ndi Nikolai, amene anavula yunifomu imene ankaikonda n'kukakhala m'kanyumba kakang'ono ndi mayi ake ndi Sonya, akubisa umphawi. Sindikunena kuti ngolo zija ndizo zinagwetsa banjalo. Linali litayamba kale kugwa ndi maphwando a bambo ndi njuga ya mwana. Ndipo maphwandowo, agalu 130 osakira mimbulu, aphunzitsi a nyimbo, zonsezi zinkachokera m'thukuta la alimi amene anali katundu wa bwana, ogulitsidwa pamodzi ndi munda, mpaka lamulo lowamasula la mu 1861. Ngolo 30 zija zinali za alimi amenewo. Natasha ankatha kukhala pazenera usiku n'kumalota zouluka chifukwa wina anali atasonkha moto, wina atachapa. Mtsikana wa msinkhu wake m'midzi imeneyo akanangotsatira mtima kamodzi, sakanapeza Marya Dmitrievna womubisira nkhani kapena madokotala odula omudwazika.

Ndiye pali Sonya, mwana wamasiye wachibale, wokulira pakhomo pa eni, amene anaphunzira msanga kuti malo ake amawagula ndi khalidwe. Amene amati tiye tigone ndi iye. Amene analondera pakhomo ndi iye. Tsiku la ngolo, ena akukondwera, iye ankalemba mndandanda wa katundu wotsala. Anadikira Nikolai zaka zonsezo, kenaka anamumasula ndi kalata kuti akwatire Marya wachuma, mlongo wake wa Andrei uja, ndipo bukulo likutha iye akuthira tiyi m'nyumba ya awiriwo, wosakwatiwa. Natasha yemweyo akumuyerekeza ndi duwa losabala chipatso. Pa zimenezi Tolstoy sindinamukhululukirebe. Munthu aliyense wotsatira mtima amakhala ndi Sonya wake pafupi, ndipo ena mwa inu mukudziwa kuti kwanu Sonya ndinu.

Mathero a Natasha akhumudwitsa owerenga ambiri, makamaka amayi. Anakwatiwa ndi Pierre mu 1813. Pofika 1820 ali ndi ana aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, wanenepa, kuimba anasiya, zovala sazisamala, ndi wansanje, ndipo chimwemwe chake ndi kutuluka m'chipinda cha ana atanyamula thewera, kudzaonetsa abale kuti chimbudzi cha mwana chasintha mtundu, wayamba kuchira. Denisov, amene anamufunsira ali kamtsikana, akumuyang'ana modabwa ndi mwachisoni. Ena amati Tolstoy anamupha. Ine ndimaona kuti munthuyo sanasinthe. Amadziponya yense pa chimene chili pamaso pake, kaya ndi mwezi, gule, Anatole, ovulala kapena thewera. Dandaulo langa lili pena: mlembi amene anamupatsa maso akuthwa chonchi sanamutsegulire khomo lina lililonse. Pierre akupita ku St Petersburg kukakambirana za tsogolo la dziko m'kagulu kachinsinsi, Natasha watsala akuwerenga masiku, kukwiya kuti mwamuna wachedwa kubwera.

Koma kagulu kameneko kali ndi nkhani yake, ndipo owerenga a mu 1869 ankaidziwa. Nkhani ya m'bukuli ikuthera mu Disembala 1820. Mu Disembala 1825 akuluakulu ena a asilikali, ochokera m'magulu achinsinsi ngati amenewo, anatulutsa asilikali pafupifupi 3,000 pabwalo la Senate ku St Petersburg, kukana mfumu yatsopano, Nicholas I. Anawabalalitsa ndi mizinga. Asanu ananyongedwa, oposa 100 anatumizidwa ku Siberia. Akazi 11 anawatsatira kumeneko mwa kufuna kwawo, ndipo boma linawaikira lamulo loti ataye ulemu wawo wonse komanso asatenge ana. Mmodzi mwa iwo, Maria Volkonskaya, anasiya khanda lake kwa achibale, ndipo mwanayo anamwalira mayi ake ali ku Siberia. Mwamuna wake, Sergei Volkonsky, anali mbale wa mayi ake a Tolstoy, ndipo iye ndi Tolstoy anakumana ku Florence mu 1860. Asanayambe War and Peace, Tolstoy anali atayamba buku lina, la munthu wotere akubwerera ku Moscow mu 1856 atakhululukidwa, ali nkhalamba. Dzina lake linali Pyotr, amene ndi Pierre yemweyo, ndipo mkazi amene anapirira naye ku Siberia anali Natalya. Analemba mitu itatu n'kulisiya, chifukwa anaona kuti sangamufotokoze munthuyo asanabwerere ku 1825, kenaka ku 1812, kenaka ku 1805.

Ndiye kuti polemba za Natasha, mlembiyo ankadziwa kumene msewu wake ukulowera. Linkabwera tsiku limene uthenga udzafike woti Pierre ali pa unyolo, ana anayi ali m'chipinda, pepala la boma lili patebulo kuti asankhe. Pabwalo la ku Moscow mbali imodzi kunali anthu, mbali ina mabokosi, ndipo kuona msanga kunali kokwanira. Apa mbali zonse ziwiri kuli anthu ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 Tolstoy anabwereranso ku nkhani ya anthu a mu 1825, anasonkhanitsa zikalata, anacheza ndi amene anali adakali moyo, koma mutu umenewo sanaulembe.